Chisoti n'chofunika, koma mlimi wa panjinga akufunanso malo ake pamsewu

Alimi anzanga, ku Chelinda, pamwamba pa mapiri a Nyika m'boma la Rumphi, kumachitika chinthu chimene tiyenera kuchiganizira bwino ife amene timadalira njinga yakapalasa. Alendo amene amabwera kudzaona mbidzi, ntchefu ndi chilembwe amakonda kupalasa njinga m'timisewu ta m'mapiri a udzu amenewa. Kumeneko munthu atha kupalasa kuyambira m'mawa mpaka masana osakumana ndi galimoto ngakhale imodzi. Komabe ambiri mwa alendowa sakwera njinga asanavale chisoti cholimba, chija ena amati helemeti, ndi kumanga lamba wake pansi pa chibwano.

Tsono tsikani phirilo, mudutse pachipata cha Thazima, mulowe m'midzi ya fodya ya ku Mwazisi, ku Hewe ndi ku Bolero mpaka pa boma la Rumphi. Kuno njinga ndiyo ngolo ya mlimi. Imanyamula matumba a feteleza, chimanga cha kuchigayo, mbuzi yopita kumsika, mwana wa sukulu ndiponso mayi woyembekezera wopita kusikelo. Imayenda msewu umodzi ndi malole a fodya, maminibasi, matola ndi njinga zamoto za kabaza zimene zachuluka kwambiri m'zaka zapitazi. Koma mutaima pa Bolero tsiku la msika n'kumawerenga apanjinga ovala zisoti, zala za dzanja limodzi zikhoza kukukwanirani. Munthu amene ali pangozi yochepa ndiye wadziteteza, pamene uja amene akupikisana ndi lole wavala kachipewa ka nsalu kotchinga dzuwa basi.

Maganizo anga pankhaniyi ali pawiri, ndipo ndiwanena mosapsatira. Poyamba, mlimi aliyense amene angathe agule chisoti ndipo azichivala, makamaka akamatsika mapiri ndi katundu kapena akamalowa mumsewu wa phula. Kachiwiri, ndikukana maganizo amene amamveka kawirikawiri pakachitika ngozi, akuti Boma lingokhazikitsa lamulo lomanga wapanjinga aliyense wopanda chisoti ndipo nkhani yatha. Nkhani siithera pamenepo. Chisoti chimateteza mutu munthu akagwa, koma sichiletsa lole kumugunda.

Ntchito ya chisoti

Tonse timadziwa mmene timanyamulira mazira kapena matimati popita kumsika. Palibe amene amaponya mazira m'chitini chopanda kanthu n'kuchimangirira pakaliyala. Timayala udzu, utuchi kapena gaga kuti njinga ikagunda mwala, chofewacho chilandire mphamvu ya kugundako, dzira lisasweke. Ubongo wa munthu nawonso ndi wofewa, ndipo umakhala m'chigaza ngati dzira m'chitini. Munthu akagwa n'kumenyetsa mutu pamwala, chigaza chimaima mwadzidzidzi koma ubongo umapitirira n'kudzigunda m'kati mwa fupalo. Timitsempha ta magazi timaduka ndipo ubongo umatupa.

Chisoti cha panjinga chili ndi chinkhupule cholimba m'kati mwake. Pogunda pansi, chinkhupulecho chimaphwanyika pang'onopang'ono m'malo mwa mutu, kotero kuti mphamvu imene ikanafika pa ubongo nthawi imodzi imachepa. N'chifukwa chake chisoti chimene chagundidwapo kamodzi mwamphamvu sichigwiranso ntchito ngakhale kunja chizioneka chabwino. N'chifukwa chakenso chipewa chija cha amisiri omanga nyumba sichingalowe m'malo mwake. Chimenecho adachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, chilibe chinkhupule cha mtundu umenewu, ndipo kawirikawiri chimavuka munthu asanafike ndi pansi pomwe.

Izi si nkhambakamwa. M'chaka cha 2016 akatswiri awiri a pa yunivesite ya New South Wales ku Australia, Jake Olivier ndi Prudence Creighton, adasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wokhudza apanjinga oposa 64,000 amene adavulala pangozi. Iwo adapeza kuti chisoti chimachepetsa kuvulala m'mutu ndi theka, ndipo kuvulala m'mutu koopsa kumachepa ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse. Mlimi atauzidwa za mankhwala amene amachepetsa anankafumbwe m'nkhokwe ndi theka, angayende ulendo wautali kukawagula. Nanga mutu wake womwe umaganiza za nkhokweyo?

Chipatala chili kutali

Kwa ife a kuno kumpoto pali chifukwa china chimene alendo a ku Chelinda aja amachidziwa bwino koposa ife eni dziko. Iwo amavala zisoti chifukwa amawerengera kutalika kwa chipatala. Kuchoka ku Chelinda kufika pa boma la Rumphi ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo pagalimoto yolimba ulendowu umatenga maola angapo, makamaka nthawi ya dzinja. Kuchoka pa Rumphi pamatsalanso makilomita oposa 60 kuti munthu afike kuchipatala chachikulu cha Mzuzu. Madokotala ochita opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ntchito imeneyi imachitika makamaka ku Blantyre pa chipatala cha Queen Elizabeth ndi ku Lilongwe, kumene chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chidatsegulidwa m'chaka cha 2023. Mlimi wa ku Thazima kapena ku Nthalire akasweka mutu madzulo, taganizirani nthawi imene ingapite kuti afike m'manja mwa dokotala wotere.

Mwendo wothyoka umadikira. Munthu amamangidwa chikhakha, amakhala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chaka chamawa wabwerera kumunda. Mutu sudikira, ndiponso umanyenga. Munthu atha kugwa, kukomoka pang'ono, kudzuka, kusasa fumbi, kuseka ndi anzake n'kukankha njinga mpaka kunyumba, pamene magazi akudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza. Usiku akuyamba kusanza, mutu ukuwawa koopsa, akulankhula zosamveka, akugona tulo tosadzutsika. Kukacha anthu ayamba kuloza zala agogo a m'mudzi kuti amulodza, chonsecho ndi mwala wa dzulo uja.

Choncho ndikupempheni, abale anga: munthu amene wamenyetsa mutu n'kukomoka ngakhale kwa kanthawi kochepa, kapena akusanza, kapena akutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, kapena waiwala zimene zachitika, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musamupatse mowa poti alimbe mtima, musamusiye agone yekha, ndipo ngati akudandaula khosi musamunyamule mokoka manja ndi miyendo ngati thumba. Mugonekeni pa chitseko kapena thabwa, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke.

Amene amafa timawalira n'kuwaika. Koma alipo ena amene amapulumuka atasokonekera mutu, ena ofa ziwalo mbali imodzi, ena ogwa khunyu moyo wawo wonse. Pabanja la mlimi zimenezi zimatanthauza kuti manja awiri achoka kumunda, komanso manja ena awiri a mayi kapena mwana achoka kuti azisamala wodwalayo. Fodya amaonongeka m'chigafa, ngongole ya kukalabu imatsala, ndipo mwana amasiya sukulu.

Pamene chisoti chimalephera

Tsopano ndinene mbali inayo, imene ogulitsa zisoti sakonda kuitchula. Ku Ulaya, chisoti cha panjinga amachiyesa pochigwetsa kuchokera pamtunda wa pafupifupi mita imodzi ndi theka, pa liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola. Ndiye kuti adachipangira munthu wogwa panjinga: amene tayala laphulika, amene waterereka pamatope kapena pamchenga, amene wagunda mbuzi, amene galimoto yamukhudza pang'ono n'kumugwetsera m'mbali. Ngozi zotere ndi zambiri zedi, ndipo pamenepa chisoti chimapulumutsadi moyo. Koma lole yodzaza ndi mabelo a fodya ikamugunda munthu kumbuyo pa liwiro la makilomita 80 pa ola, chinkhupule sichingathandize chifuwa, msana ndi chiuno.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala akaona njinga, pamapita sekondi imodzi kapena kupitirira phazi lake lisanafike pa buleki, ndipo apo galimotoyo yadya kale mamita oposa 20 isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Onjezani fumbi la mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala, pamene galimoto yotsogola imasiya mtambo wobisa chilichonse, kapena nkhungu ya m'mawa ya m'mphepete mwa Nyika imene imabisa ngakhale ng'ombe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, kuti oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndiponso kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye amataya anthu ambiri kuposa chigawo china chilichonse, ngakhale ali ndi magalimoto ochepa. Bungwe lomweli limati woyenda pansi wogundidwa pa liwiro la makilomita 65 pa ola ali pachiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa liwiro la makilomita 50. Kusiyana kwa makilomita 15 okha kumeneku ndiko kumasiyanitsa chikhakha ndi bokosi la maliro.

Za lamulo

Malamulo a pamsewu a dziko lino amalamula kale okwera njinga zamoto kuvala zisoti, ndipo ine ndikugwirizana nazo kwathunthu chifukwa njinga yamoto imathamanga ngati galimoto. Koma yang'anani pa siteji iliyonse ya kabaza muone kuchuluka kwa okwera kumbuyo amene avala. Ngati lamulo limene lilipo kale likukanika kutsatidwa m'matauni momwe muli apolisi ambiri, kodi lamulo latsopano la njinga zakapalasa lidzatsatidwa ku Hewe?

Maiko ena adayesa njira zonse ziwiri. Chigawo cha Victoria ku Australia chidakhazikitsa lamulo lokakamiza apanjinga kuvala zisoti m'chaka cha 1990, ndipo dziko la New Zealand lidatsatira mu 1994. Kumeneko mtengo wa chisoti ndi wochepa poyerekeza ndi malipiro a munthu pa tsiku, ndiye lamulolo silidalande munthu chakudya pakamwa. Dziko la Netherlands, kumene njinga zimachuluka kuposa anthu, lidatenga njira ina. Kumeneko kulibe lamulo lokakamiza chisoti panjinga wamba, ndipo ambiri savala, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970, makolo atachita zionetsero chifukwa cha ana amene ankafa pamsewu, Boma lawo lidayamba kumanga tinjira ta njinga tosiyana ndi msewu wa magalimoto ndi kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu. Lero wapanjinga wa ku Netherlands ndi mmodzi mwa otetezeka kwambiri padziko lonse.

Kwathu kuno lamulo lokakamiza likhoza kugwera wosauka yekha. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja adakwera mtengo, ndipo zisoti zimachokera kunja. Mlimi amene akusankha pakati pa thumba la feteleza ndi fizi ya mwana sangagule chisoti chifukwa choopa chindapusa. Chimene angachite n'kuzemba msewu waukulu, kapena kuyenda usiku pamene palibe oimitsa, imene ndi nthawi yoopsa koposa, kapena kupereka kangachepe kuti amusiye. Ena njinga zawo zingalandidwe, ndipo mlimi wolandidwa njinga walandidwa msika, chigayo ndi chipatala nthawi imodzi. Ine ndikuti Boma liyambe lachotsa msonkho pa zisoti za njinga, nyali ndi zonyezimira, bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards liletse zisoti zachinyengo kulowa m'dziko, zisotizo zipezeke m'magolosale a pa Bolero ndi pa Katowo, kenaka tidzakambirane za lamulo.

Walira mvula walira matope

Anthu a ku Rumphi ndi ku Chitipa akhala akulira kwa zaka zambiri kuti msewu wa Rumphi kudzera ku Nyika mpaka ku Chitipa ukhale wa phula, ndipo kulira kwawo n'komveka. Msewu umenewu ndiwo umatulutsa fodya, nyemba ndi chimanga, ndiwonso umakweza alendo ku Chelinda. Maboma osiyanasiyana akhala akuulonjeza. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Msewu wa dothi wokumbikakumbika umakakamiza dalaivala kuyenda pang'onopang'ono. Phula likafika, lole yomwe inkayenda makilomita 30 pa ola imayamba kuyenda 80, pamene njinga ya mlimi ndi yomwe ija, katundu wake ndi yemwe uja, ndipo mwana wowoloka msewu popita kusukulu ndi yemwe uja.

Amene amapalasa mumsewu wa M1 pa Bwengu, pa Phwezi ndi potsika ku Chiweta amaidziwa bwino nkhaniyi. Mumsewu umenewu mumadutsa mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha a ku Mchenga. Pamene phula la m'mbali ladyeka, wapanjinga akamva hutala kumbuyo amayenera kusankha msangamsanga: kukhalabe paphula n'kudalira chifundo cha dalaivala, kapena kudumphira m'mbali pamene pali chiphompho cha phula lodyekalo ndi matumba awiri pakaliyala. Ambiri amagwa posankha chachiwirichi, galimoto isanawakhudze n'komwe, ndipo dalaivala amapitirira osadziwa kuti wasiya munthu pansi.

Choncho pamene mafumu athu, makhansala ndi aphungu akukumana ndi a Roads Authority pa nkhani ya msewu uliwonse watsopano m'boma lino, asamangofunsa kuti phula lifika liti. Afunsenso kuti msewuwo ukhala wotambalala bwanji, ndipo ngati m'mbali mwake mudzakhala malo a phula okwanira njinga yonyamula katundu. Afunse za zitunda zochepetsa liwiro pa misika, pa sukulu ndi pa zipatala, ndiponso za malo oimikapo malole kuti asamatseke m'mbali momwe mumadutsa njinga. Kuonjezera malo a njinga msewu ukumangidwa n'kotchipa kusiyana ndi kudzauphwasula pambuyo pake anthu atafa. Ndalama zokonzera misewu zimachokera pa mtengo wa mafuta, ndipo mlimi amalipira nawo ndalama imeneyi nthawi iliyonse akakwera matola, akagayitsa chimanga kapena akatumiza fodya ku okushoni ku Mzuzu. Msewu ndi wakenso.

Zathu ife eni njinga

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndiloleni ndinene zimene zili m'manja mwathu. Njinga zambiri m'midzi yathu zilibe mabuleki. Mwini wake amagula tayala, amagula tcheni, amakongoletsa chishalo, koma timalabala ta buleki timene ndi totchipa kuposa zonsezi amati tidikire. Potsika phiri amaponda tayala ndi nsapato. Ku chigwa njira imeneyi mwina munthu angapulumuke nayo, koma dziko la Rumphi ndi la zitunda: ku Mphompha, ku Phoka, ku Nchenachena ndi kutsika kuchokera ku Thazima. Matumba awiri a feteleza ndi makilogalamu 100. Muonjezere thupi la wopalasa ndi njinga yomwe, mupeza kuti nsapato imodzi ikuyesa kuimitsa katundu woposa makilogalamu 170 pamtsetse. Ngakhale mabuleki abwino amachepa mphamvu limu ikanyowa ndi mvula kapena mame. Pamtsetse waukulu ndi katundu wolemera, tsikani muikankhe. Kuthamanga si kufika.

Chachiwiri ndi kamangidwe ka katundu. Malata, matabwa, nsungwi kapena mtolo wa nkhuni womangidwa chopingasa umasandutsa njinga kukhala yotambalala ngati ngolo, ndipo dalaivala amene akuganiza kuti wasiya mpata wokwanira amakola nsonga ya katunduyo. Katundu wautali amangidwe motsata kutalika kwa njinga, wolemera akhale pansi, ndipo malegeni akhale olimba kuti thumba lisapendeke pokhota.

Chachitatu ndi mdima. Mlimi amalawira mbandakucha kuti akapeze malo pamzere, ndipo amabwerera dzuwa litalowa. Iye amaona nyali za galimoto patali n'kumaganiza kuti nayenso akuoneka, koma munthu wovala jekete lakuda panjinga yakuda saoneka mpaka galimoto itafika pafupi kwambiri. Chonyezimira chofiira kumbuyo, choyera kutsogolo, tochi yomangirira pa handulo ndi malaya owala zimapulumutsa anthu ambiri pamtengo wochepa kuposa wa chisoti. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha mwezi uno, ine ndinganene kuti yambani ndi mabuleki ndi zonyezimira, chifukwa zimenezi zimaletsa ngoziyo kuchitika.

Chachinayi ndi mbali yoyendera. M'dziko muno njinga imayenda kumanzere, molunjika kumene magalimoto a mbali imeneyo akupita. Woyenda pansi ndiye amayenda moyang'anana ndi magalimoto. Ambiri amasokoneza ziwirizi n'kumapalasa kumanja poti aziona chimene chikubwera, osadziwa kuti akatero liwiro lawo ndi la galimoto zimaphatikizana, ndiponso dalaivala wotuluka m'kanjira sayembekezera njinga kuchokera mbali imeneyo. Pokhota tiyeni tizitambasula dzanja ndi kucheuka. Tisayende awiriawiri mogundana mapewa tikucheza, ndipo tisagwire kumbuyo kwa lole kuti itikoke pachitunda. Lole yaitali ikamakhota, matayala ake akumbuyo amadula njira kulowa m'kati, ndipo dalaivala saona munthu amene ali m'mbali mwake chakumanzere.

Chachisanu tonse tikuchidziwa. Ndalama za fodya zikatuluka, njinga zimagona pa malo omwera mowa mpaka usiku, ndipo eni ake amabwerera kunyumba akupalasa mokhotakhota pakati pa msewu. Palibe chisoti chimene chingathandize munthu amene sakudziwa kumene kuli kumanzere.

Kwa madalaivala ndi eni malole

Inu amene mumanyamula fodya wathu, kumbukirani kuti munthu amene mukumuopseza ndi hutala ndi yemwe walima katundu amene ali pa lole yanuyo. Hutala yoimbidwa galimoto itafika kale pamsana imadzidzimutsa munthu n'kumugwetsa. Imbani muli patali, chepetsani liwiro, siyani mpata woposa mita imodzi, ndipo ngati kutsogolo kukubwera galimoto ina dikirani masekondi ochepa m'malo modzipanikiza pakati. Eni malole amene amalipira dalaivala potengera maulendo amene wayenda pa sabata adziwe kuti akugula liwiro ndi tulo ta pa chiongolero. Ife alimi tili ndi mphamvu pamenepa, pakuti makalabu athu ndi amene amasankha wonyamula mabelo. Lole imene imadziwika ndi kuthamanga m'midzi isapatsidwe katundu chaka chotsatira, ndipo mwini wake auzidwe chifukwa chake.

Makalabu achitepo kanthu

Mutu umodzi susenza denga. Makalabu a alimi, kaya ali pansi pa NASFAM, TAMA kapena makopaletivi a khofi, amagula kale feteleza, mbewu ndi ziguduli pamodzi kuti mtengo utsike. Palibe choletsa kuchita chimodzimodzi ndi zisoti, zonyezimira ndi malabala a buleki. Nthawi yabwino ndi pamene ndalama za malonda zangofika, zisanathere ku zina. Kalabu itha kugwirizana kuti membala aliyense achotse kangachepe, munthu mmodzi apite ku Mzuzu akagule zonse pamodzi, ndipo mmisiri wa njinga wa pamsika aitanidwe tsiku limodzi kudzaona mabuleki a njinga zonse za mamembala. Mabanki a m'mudzi a amayi athanso kuchita zomwezi, poti amayi ndi ana ndiwo amakhala pakaliyala.

Pogula, yang'anani m'kati. Ngati mulibe chinkhupule chokhuthala ndi cholimba, ndi chipewa chabe. Ngati chili ndi mng'alu, kapena ndi cha kaunjika chosadziwika mbiri yake, samalani, chifukwa mwina chidagwira kale ntchito yake pamutu wa munthu wina. Chikhale chokwana bwino, chikhale chowongoka mpaka kuphimba chipumi, osati chopendekera kunkhongo, ndipo lamba amangidwe moti chala chimodzi kapena ziwiri zokha zilowe pansi pa chibwano. Chisoti chosamanga lamba chimauluka munthu asanagunde pansi. Mwana asavale cha bambo ake, chifukwa chimazungulira pamutu n'kumutseka maso.

Chotsala ndi manyazi. Ndikudziwa kuti woyamba kuvala chisoti m'mudzi adzasekedwa. Adzamufunsa ngati wagula njinga yamoto yosalira, kapena ngati wasanduka mzungu wa ku Nyika. Koma anthu ankasekanso woyamba kubzala chimanga cha haibulidi, woyamba kugona m'neti ndi woyamba kukumba chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, ndipo lero zonsezi ndi zachizolowezi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Alangizi a zaulimi, aphunzitsi, abusa, azaumoyo a m'midzi ndi atsogoleri a makalabu, amene amapalasa tsiku ndi tsiku ndipo anthu amawalemekeza, ndiwo ayambe. Anyamata a kabaza nawonso, kudzera m'magulu awo a pa siteji, atha kugwirizana kuti aliyense akhale ndi chonyezimira ndi mabuleki ogwira asanaloledwe kunyamula munthu. Uthenga umenewu upitenso pa mawailesi m'Chitumbuka, kuti agogo amene amakwezedwa pakaliyala popita kuchipatala aumve m'chilankhulo chawo.

Timasamala ng'ombe yapangolo, timaipatsa katemera ndi kuimangira khola lolimba chifukwa tikudziwa kuti ikafa ulimi waima. Munthu wopalasa njinga ndiye amagwira khasu, amasankha fodya, amasaina ngongole ndi kulipira fizi, koma ndi yekhayo amene sitimuikira bajeti. Chaka chino, pogawa ndalama za zokolola, mabuleki, chonyezimira ndi chisoti zilembedwe pa mndandanda womwewo umene pali feteleza. Ndipo aphungu ndi makhansala akadzabwera kudzatiuza za phula, tidzawafunse kuti pa msewu wawowo njinga idzadutsa pati.